K6,000 Imene Inkadulidwa kwa Ahedi a pa Migowi

Munthu akakwanitsa zaka 60 m'boma amauzidwa kuti akapume, koma ku Phalombe opuma enieni ndi ochepa. Mukalowa m'sukulu zoyima pazokha za pa Migowi, pa Chiringa kapena paboma, mupeza a imvi ali kutsogolo kwa kalasi, choko kumanja. M'tizipatala ta anthu muli anamwino amene boma lidatsanzikana nawo kalekale, ndipo pamakonde a magolosale usiku pamachezera apolisi akale. Penshoni ya pamwezi imatha mwezi usadafike pakati. Mtengo wa nandolo sudziwika mpaka ogula atabwera ndi masikelo awo. Ndipo pakhomo pa agogo ndi pamene pamasiyidwa zidzukulu zimene makolo ake ali ku Joni kapena adatsogola.

Mmodzi mwa anthu otere ndi bambo wina amene sindimutchula dzina, ngakhalenso sukulu imene ankagwirako ntchito. Kumudzi kwawo aliyense amangoti ahedi, chifukwa adakhala mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale ya boma kwa zaka zambiri asadapume mu 2018. Ndalama zawo zopumira zitatuluka adamanga nyumba ya njerwa zootcha kwa akazi awo, monga mwambo wa chikamwini ulili kumeneko, nafolera ndi malata. Zotsala zidapita ku fizi ya ana awiri a mlongo wawo. Pofika Khirisimasi ya chaka chomwecho m'thumba mudali mutayera.

Ndi nthawi imeneyo pamene kudabwera mlendo pa njinga yamoto. Adali mnyamata amene ahedi adamuphunzitsa sitandade 8, tsopano bambo wa mimba yake, wolemera ndi geni yogula nandolo ndi mpendadzuwa. Adali atatsegula sukulu yakeyake. Adakana mpando, nakhala pansi pakhonde.

"Ahedi, ine mudandiumba ndinu. Sukulu ndamanga koma ilibe mutu. Makolo akangomva kuti inu muli pamenepo, ana abwera okha."

"Mwana wanga, ine mafupa adatha."

"Simukagwira khasu, bambo. Mukangotiyang'anira ifeyo ana anu."

Adagwirizana K120,000 pamwezi, kuyambira Januwale 2019. Kontirakiti sadalembe. Ndani angauze mwana amene adamugwira dzanja pomuphunzitsa kulemba kuti andilembere pepala ndisaine? Komabe sukuluyo inkaoneka ya dongosolo. Mwezi ukatha aliyense ankalandira kapepala ka malipiro kotayipidwa bwino pa kompyuta, ndipo pa ka ahedi padali mzere wakuti penshoni, K6,000. Iwo adakondwa nawo mzerewo. Timapepalato ankatisunga m'chikwama chomwe amasungiramo makalata a ukwati ndi satifiketi ya uphunzitsi.

Mzere umenewo udali m'malo mwake. Kuyambira pa 1 Juni 2011, pamene lamulo la penshoni lidayamba kugwira ntchito m'dziko muno, penshoni idasiya kukhala chifundo cha bwana. Wantchito amadulidwa K5 pa K100 iliyonse ya malipiro ake, bwana amaikapo K10 kuchokera m'thumba mwake, ndipo zonse pamodzi ziyenera kufika ku thumba la penshoni pasadathe masiku 14 mwezi utatha. Ndalamazo sasunga ndi bwana. Zimapita ku makampani ovomerezeka ndi boma, monga Old Mutual kapena NICO, amene amazigwiritsa ntchito kuti zibereke. Pamwamba pa izo bwana ayenera kugulira wantchito wake inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chathunthu, kuti munthu akamwalira ali pantchito ana asatsale manja ali m'khosi. Zaka 60 zimene aphunzitsi amapumira ndi za m'boma. Lamulo la penshoni lidasiya mpata wa zaka 50 mpaka 70 kuti thumba lililonse lisankhepo msinkhu wake wopumira. Choncho ahedi, pa zaka 61, adali wantchito ngati wina aliyense pasukulupo. Penshoni yawo ya boma inkabwera payokha, ndipo iyi idali nkhokwe yachiwiri: K6,000 yawo kuphatikiza K12,000 ya mwini sukulu, K18,000 mwezi uliwonse.

Mnzawo wina wa kutchalitchi, amene adapuma pa udalaivala ndipo ankayendetsa lole ya munthu wina wa geni, ankawaseka. Iye adauza bwana wake tsiku loyamba lomwe kuti asamudule kanthu. "Ine ndidapuma kale, penshoni ina ya chiyani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ahedi, wa pachala ngwa mphepo." Ahedi ankamuyankha ndi masamu, kuti pokana kudulidwa K5 akutaya K10 ya bwana, ndipo pomwepo akutayanso inshuwalansi ya ana ake. Ine ndikuti ahedi ndiwo ankanena zoona, ndipo mpaka lero ndimaima nawo. K10 imeneyo ndi gawo la thukuta la wantchito, ndipo mabwana ambiri amene amafulumira kuvomera kuti "inu ndi wamkulu, sitikudulani" amakhala akuwerenga zimene apulumutse iwowo. Koma dalaivala uja adaona chinthu chimodzi chimene ahedi sadachione: ndalama ikachoka pamalipiro ako, iwe sudziwa kumene yagona usiku umenewo pokhapokha utakaiona ndi maso.

Zizindikiro zidalipo. Chaka choyamba kudabwera munthu wa ku kampani ya penshoni, nalembetsa aphunzitsi onse, aliyense natchula amene adzalandire ndalama zake akadzamwalira. Ahedi adalemba akazi awo ndi zidzukulu ziwiri. Chitachitika chimenecho, zii. Palibe sitetimenti imene idabwera, chaka chachiwiri, chachitatu. Aphunzitsi atsopano amene ankalowa ntchito sadapatsidwe fomu iliyonse, koma mzere wa penshoni unkaoneka pa timapepala tawo. Mphunzitsi wina wachitsikana adafunsa pamsonkhano wa aphunzitsi kuti nambala yake ya penshoni ndi iti, ndipo amene adamukhazika pansi ndi ahedi omwe. "Mwanawe, usamafunse ngati sukhulupirira anthu. Adayirekitawa ndimawadziwa kuyambira ali ndi kabudula wong'ambika."

Apa ndi pamene pamandiwawa mtima kwambiri pa nkhani yonseyi. Munthu wopuma akapeza ntchito ina, mumtima mwake amaiona ngati mphatso. Amadziwa kuti kunjaku kuli achinyamata ambirimbiri amene adamaliza maphunziro a uphunzitsi ndipo akungokhala, oti akhoza kulandira theka la malipiro ake mosangalala. Amadziwa kuti maso ayamba kuchita chidima, ndipo tsiku lina adzaiwala dzina la mwana m'kalasi. Ndiye amayenda mwaulemu wopitirira, osafuna kukhumudwitsa amene wamukumbukira. Kufunsa za ndalama kumaoneka ngati kusayamika. Kwa ahedi padawonjezekera china: mwini sukulu adali mwana wawo wa m'kalasi, ndipo kumukayikira kukadakhala ngati kuvomera kuti iwo sadamuphunzitse bwino. Manyazi amenewa mabwana osakhulupirika amawadziwa, ndipo amatsamirapo. Chonsecho wokalamba ndiye woyenera kufunsa kawirikawiri kuposa wina aliyense. Wa zaka 28 akabedwa zaka zitatu za penshoni ali ndi zaka zina makumi atatu zoti akwirire dzenjelo. Wa zaka 64 alibe.

Mu Malichi 2020 sukulu zonse m'dziko muno zidatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo zidayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Seputembala. Miyezi isanu ndi umodzi imeneyo aphunzitsi a pasukulupo sadalandire kanthu, ndipo ahedi ndiwo ankayenda nyumba ndi nyumba kuwapepesa m'malo mwa mwini sukulu. Sukulu itatsegulidwa, malipiro adayambiranso, mzere wa K6,000 uli pomwepo.

Kenako kudabwera namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023. Anthu akuluakulu a ku Phalombe amakumbukira Napolo wa mu Malichi 1991, pamene madzi, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi, ndipo ambiri ankaganiza kuti zotero sadzazionanso. Freddy adapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo dera la Nkhulambe lidasanduka mchenga ndi miyala. Kwa ahedi moyo udapulumuka, koma mvula ya masiku angapo osakata idafewetsa maziko, khoma la kumbuyo lidagwa usiku, denga n'kupindikira m'kati. Mbewu za m'munda zidapita ndi madzi. Iwo eni, atagona masiku angapo pamalo onyowa, chifuwa chidawagwira ndipo sichidawasiyenso msanga. Adauza mwini sukulu kuti mphamvu zatha, apume tsopano kwenikweni.

Masiku omwewo pawailesi pankamveka za lamulo latsopano la penshoni, limene lidayamba kugwira ntchito pa 1 Epulo 2023. Ankanena kuti wochotsedwa ntchito azidikira miyezi itatu m'malo mwa isanu ndi umodzi asadapemphe ndalama zake, ndiponso kuti wopuma azitha kutenga theka la ndalama zake nthawi imodzi, pamene kale inali K40 pa K100 iliyonse. Ahedi adatulutsa chikwama chija, chimene chidapulumuka chifukwa chinkakhala pamwamba pa kabati, nawerenga timapepala tawo. Tidali 45. Adachulukitsa ndi K18,000 napeza K810,000, osawerengera phindu. Adauza akazi awo kuti khoma lidzuka.

Adakwera minibasi ya m'mamawa yodzera ku Chiradzulu mpaka ku Limbe, nafika ku ofesi ya kampani ya penshoni atavala jekete lawo la kutchalitchi. Mtsikana wa pakauntala adawalandira bwino, nalemba dzina lawo pa kompyuta, nakhala chete kanthawi.

"Bambo, dzina lanu lilipo. Koma sukulu yanu idatumiza ndalama miyezi isanu ndi inayi yokha. Yomaliza idabwera ya Seputembala 2019."

"Mwanangu, yang'ananso bwino. Timapepala ndili nato apa, onse adadula."

"Ndikuona, bambo. Kapepalako akulemba ndi abwana anu. Kakusonyeza kuti ndalama idachoka kwa inu. Kuti idafika kuno, chimene chimasonyeza ndi sitetimenti yathu."

Adawasindikizira sitetimentiyo, tsamba limodzi. Mudali K162,000 ndi kaphindu pang'ono. Miyezi 36, zaka zitatu zathunthu, padalibe kanthu: K216,000 imene idadulidwa pamalipiro awo ndi K432,000 imene mwini sukulu ankayenera kuikapo, zonse pamodzi K648,000. Atafunsa za inshuwalansi ya moyo, adauzidwa kuti nayonso idaima kalekale chifukwa sinkalipiridwa. Chikhala kuti khoma lija lidawagwera usiku umene uja, akazi awo akadapita ku Limbe ndi fomu ya mayina ija n'kubwerako ndi ndalama yosakwana ngakhale kudyetsa anthu pamaliro ndi kugula bokosi labwino.

Vuto limeneli si la pa Migowi pokha. Banki yaikulu ya Reserve, imene bwanamkubwa wake ndiyenso Registrar of Financial Institutions, woyang'anira makampani onse a penshoni ndi inshuwalansi, yakhala ikudandaula chaka ndi chaka kuti ndalama za penshoni zimene mabwana sadatumize zafika mabiliyoni ambirimbiri, ndipo nthawi zina yasindikiza mayina a mabwana otere m'nyuzipepala. Pamndandanda wotere pamapezeka makampani aakulu a m'tauni, okhala ndi owerengera ndalama ophunzira bwino. Ngati zimachitika kumeneko, kumene kuli mabungwe a apantchito ndi atolankhani pafupi, kuli bwanji kuseri kwa phiri la Mulanje, kumene wantchito ndi bwana wake amapemphera tchalitchi chimodzi ndipo amakumana pamaliro aliwonse? Chigawo chino chidaonapo kale nkhalamba zikuyenda ndi mapepala achikasu m'manja. Amuna amene adapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, mpaka 1974, ndi ku TEBA, mpaka 1988, atha zaka makumi akulembetsa mayina ndi kudikira ndalama zimene amati zidatsala kumeneko, ndipo ambiri amwalira asadazione. Ndalama imene munthu sadaitsate ali pantchito imavuta kuitsata atachokapo, chifukwa mabuku amasowa, makampani amasintha mayina, ndipo mboni zimatha.

Ahedi atabwerako sadapite kwa mwini sukulu tsiku lomwelo. Adakhala masiku atatu osanena kanthu, mpaka akazi awo adawafunsa.

"Abambo, kodi ku Limbe kuja mudakasiyako pakamwa?"

Adawapatsa tsamba lija. Mayiwo sukulu adalekezera panjira, koma manambala amawadziwa. Adati, "Mwana uja mumamutcha wanu uja wadya khoma lathu. Mupita inu kapena ndipite ine?"

Adapita okha. Mwini sukulu sadakane. Adakhala pansi monga adachitira tsiku loyamba lija, nati Covid-19 ndi imene idamusokoneza, makolo sankalipira fizi, iye adasankha kulipira aphunzitsi m'malo motumiza ndalama ku Blantyre. Ahedi adamusonyeza mwezi womaliza pa sitetimenti. Seputembala 2019 kudalibe Covid-19 ku Malawi kuno. Umenewo udali mwezi umene pasukulupo padayamba kukwera chipinda chatsopano cha makalasi awiri, chimene ahedi omwewo adaimirira pamwambo wochitsegulira n'kuyamikira mwini wake pamaso pa mafumu kuti ndi mwana wa masomphenya. Njerwa zake zina zidagulidwa ndi K6,000 yawo.

Sindikhulupirira kuti munthu uyu adakhala pansi n'kukonza zobera mphunzitsi wake. Ndikuganiza kuti adabwereka mwezi umodzi akudziuza kuti abweza mwezi wamawa, ndipo poona kuti palibe wafunsa, adabwerekanso. Koma ndalama imene wadula pamalipiro a munthu si yako yoti ubwereke, ngakhale kwa tsiku limodzi, ndipo lamulo limamuona wotero ngati wolakwa woyenera chilango, kaya cholinga chake chidali chomanga kalasi kapena chogula galimoto. Chimene chidamulola kupitiriza kwa zaka zitatu ndi chete wa anthu khumi ndi awiri amene ankalandira timapepala tija, ndipo wamkulu wa chete ameneyo adali ahedi.

"Bambo, nkhaniyi ithere pakhomo pano. Ndizikupatsani pang'onopang'ono pamanja. Mukapita nayo kutali, sukulu itsekedwa, ana avutika."

Ahedi adatsala pang'ono kuvomera. Chidawaletsa ndi nkhope ya mtsikana uja adamukhazika pansi pamsonkhano. Iwo akadalandira zawo mseri, aphunzitsi enawo akadapitiriza kudulidwa ndalama yopita kumphepo, ena mwa iwo osalembetsedwa n'komwe ku kampani ya penshoni. Madzulo ake adamuitana mtsikanayo kunyumba kwawo, pakhonde la nyumba yopanda khoma lakumbuyo, namuonetsa sitetimenti. Adamuuza kuti aliyense atenge chiphaso chake cha unzika, aimbe foni kapena apite yekha ku kampaniyo akafunse zake, chifukwa mwini ndalama safunika chilolezo cha bwana kuti aone sitetimenti yake. Mwa aphunzitsi khumi ndi mmodzi otsalawo, asanu mayina awo sadapezeke n'komwe.

Kalata adalemba ndi ahedi, ndi dzanja lawo la uphunzitsi lija, ndipo adasaina poyamba. Imodzi idapita ku ofesi ya leba paboma, ina kwa Registrar ku banki ya Reserve, atamatako mafotokope a timapepala ta malipiro ndi masitetimenti. Apa timapepala tija tidagwira ntchito yake yeniyeni, chifukwa mwini sukulu sakadatha kukana kuti ankadula. Akadakhala ndi kontirakiti yolembedwa zinthu zikadayenda msanga koposa, poti padatenga nthawi kutsimikizira tsiku limene ena adayamba ntchito ndi malipiro amene adagwirizana. Nkhani isadafike ku bwalo la milandu ya apantchito ku Blantyre, mwini sukulu adavomera kubweza ngongoleyo ku thumba la penshoni m'zigawozigawo.

Kubwezako kudayenda mwa apo ndi apo, motsatira nyengo ya fizi ndi ya nandolo. Ndipo ndalama siyidikira munthu. Kwacha idali itagwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo mu Novembala 2023 idagwanso ndi 44 peresenti. Simenti ndi malata zidakwera mtengo sabata yomweyo. K648,000 ija ikadafika m'nthawi yake ikadakhala ikubereka phindu zaka zonsezo, ndipo mu Epulo 2023 ikadadzutsa khoma ndi kukonza denga mvula ina isadabwere. Idafika mochedwa, yoduladula, yopanda phindu la zaka zimene idasowa, ndipo itafika idagula zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene ikadagula. Dzinja la 2023 mpaka 2024 ahedi ndi akazi awo adagona m'chipinda chochezera, kumbuyo atatchinga ndi lona la chithandizo cha anthu okhudzidwa ndi namondwe. Khomalo adadzalimanga ndi matope m'malo mwa simenti.

Dalaivala uja adabwera kudzawaona, ndipo sadawaseke. Nayenso lole idali itagulitsidwa, bwana wake adamupatsa thumba limodzi la chimanga ndi mawu othokoza, basi. Zaka zisanu za pamsewu adatuluka nazo chimanjamanja, wopanda ngakhale pepala loti akadandaulire nalo kwina kulikonse.

Sukulu ija sidatsekedwe. Aphunzitsi a pamenepo tsopano adagwirizana kuti teremu iliyonse mmodzi wa iwo aziimba foni ku kampani ya penshoni kufunsa mwezi womaliza umene ndalama idalowa, ndipo amene amasunga kabuku ka zimenezi ndi mphunzitsi wachitsikana uja. Mwini sukulu adasiya kudzera njira ya kwa ahedi. Kutchalitchi akazi ake adasamukira ku benchi lina, ndipo pali anthu m'mudzimo amene mpaka pano amanena kuti ahedi adachita nkhanza kukaneneza mwana amene adawapatsa ntchito atakalamba. Mwa asanu aja amene mayina awo sadapezeke, awiri adachoka kukafuna ntchito ku Mozambique ngongole yawo isadayambe kubwezedwa, ndipo ahedi akufunafunabe manambala awo a foni kuti awauze zoti abwere adzasaine mafomu.